Momwe mungayendere pagalimoto ndi banja kuchoka ku Munich kukafika ku Verona nthawi ya chisanu

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti ulendo uja wa mu December tinauyenda bwanji ndi ana awiri komanso apongozi anga, ndiye ndati ndingolemba kamodzi pano. Chachikulu ndi chimodzi: musadzaze malo ambiri. Mu December ku Munich dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo kuyendetsa m'mapiri kunja kutada, msewu uli ndi ayisi, ana atopa kumbuyoko, si zabwino olo pang'ono.

Yambani ndi mapepala. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, ngakhale mukukhala ku UK. Viza imodziyo ikwanira Germany, Austria ndi Italy, koma mufunsire ku dziko lomwe mukagoneko masiku ambiri. Amafunanso inshulansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro. Woyendetsa atenge laisensi yake ndi International Driving Permit.

Kenako galimoto ya hayala. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere. Mukamabukitsa, lembani kuti mukufuna matayala a winter, ndipo polandira galimotoyo gwadani muyang'ane nokha tayala lililonse, pakhale kachizindikiro ka phiri kokhala ndi snowflake mkati. Ku Austria kuyambira 1 November mpaka 15 April, kukakhala sinowo kapena ayisi, matayala amenewa ndi lamulo, ndipo misewu yambiri ya kumpoto kwa Italy imafuna matayalawa kapena matcheni kuyambira 15 November. Ife tinatenganso matcheni ndipo tinayeserera kumanga pa parking kusanade, chifukwa kuphunzira zimenezi m'mbali mwa msewu zala zitauma ndi chisanu ndi chilango. Auzeni a kampaniyo kuti mudutsa malire. Ana osakwana zaka 12 omwe sanafike 150 cm ku Germany amayenera kukhala pa mpando wa ana, bukitsanitu.

Komanso kumeneko amayendetsa kumanja, osati kumanzere ngati kwathu. Tengani ya automatic mutu ukhale pa msewu basi. Pa roundabout ndi potuluka pa filling station ndi pomwe dzanja limafuna kubwerera ku zakale, ndiye amene wakhala kutsogolo azikumbutsa, osagona.

Ku Munich gonani masiku awiri ndipo galimoto musaitenge kaye. Yendani pa U-Bahn, sitima zoyenda pansi pa nthaka, kaoneni msika wa Khirisimasi pa Marienplatz, ana amwe Kinderpunsch wotentha, chakumwa cha zipatso chopanda mowa. Misika imeneyi yambiri imatseka pofika 24 December, ndiye onani masiku anu. Lamulungu masitolo amakhala otseka ku Germany ndi ku Austria, gulanitu buledi, mkaka ndi zipatso Loweruka.

Tsiku lachitatu tengani galimoto mulowere ku Garmisch-Partenkirchen, pafupifupi makilomita 90. Kuli Zugspitze, phiri lalitali kuposa onse ku Germany, mamita 2,962, pafupifupi ngati Sapitwa ku Mulanje, kungoti uku mumakwera pa cable car mphindi zochepa mwafika. Yang'anani webcam m'mawa, kukakhala chifunga musawononge ndalama. Apongozi anga anakana kukwera, anatsala pansi ndi tiyi, koma madzulo anaponyerana sinowo ndi zidzukulu mpaka magolovesi kunyowa, ndipo mpaka lero nkhani yake ndi imeneyo.

Kuchoka apo mudzere ku Mittenwald ndi Seefeld kupita ku Innsbruck, ku Austria. Ndi pafupi, koma pali chitsetso cha Zirler Berg chomwe chimafika 16%. Ikani giya yotsika, musapondereze mabuleki njira yonse, amatentha. Musanalowe mu autobahn (msewu waukulu) ya ku Austria gulani vignette, kachiphaso kolipirira msewu, ka masiku 10 kamapezeka pa filling station za kufupi ndi boda. Opanda iko faindi yake ndi yowawa. Ku Innsbruck gonani kawiri. Tawuniyi inachititsa ma Winter Olympics mu 1964 ndi 1976, ndipo kasitima ka Hungerburgbahn kamakutengani mkati mwa tawuni momwemo kukwera nanu mpaka ku Hungerburg, komwe mumakwera cable car yopita pamwamba pa phiri la Nordkette.

Tsopano Brenner, mamita 1,370, podutsira kulowa Italy. Msewu uwu uli ndi toll yake yapadera, vignette ija siwerengedwa. Pewani Loweruka, anthu a ski amasinthana m'mahotela ndipo mzere umatalika zedi. Google Maps ikakulozerani njira yachidule yodzera pamwamba pa mapiri ikaneni, misewu ngati Stelvio ndi Grossglockner imakhala yotseka nyengo yonse ya chisanu. Pa msewu waukulu wa ku Italy mumatenga tikiti pageti n'kulipira potuluka. Imani ku Bolzano ana akaone ku museum mtembo wa Ötzi, munthu amene anapezeka mu ayisi mu 1991 atakhalamo zaka zoposa 5,000. Mwana wathu wamkulu anafunsa mafunso njira yonse mpaka ku Verona.

Polowa Verona samalani ndi zikwangwani zolembedwa ZTL, bwalo loyera la mzere wofiira. Kumeneko galimoto za alendo sizilowa, pali makamera, ndipo kalata ya faindi imakupezani kunyumba patapita miyezi. Imikani kunja, pitani wapansi ku Arena, bwalo lakale lamasewero la Aroma.

Zovala: valani zophatikiza, kamalaya kotentha mkati, juzi, kenako jekete, nsapato zosalowa madzi ndi masokosi owonjezera a ana. M'galimoto mukhale bulangete, flask, tochi, chopalira ayisi pagalasi ndi madzi a wiper osaundana. Thanki isatsike pa hafu. Nambala ya ngozi ndi 112 m'mayiko onse atatu.

Kusiya galimoto ku Italy kumadula kwambiri, ndiye ibwezeni ku Munich. Ndi makilomita opitirira 400, nyamukani 8 koloko m'mawa kuti Brenner mumudutse kukuwala.