Beetle ya agogo yasiya kuzima panjira

Volkswagen Beetle imene agogo anasiyira bambo, bambo n'kundipatsa ine, inkazima ikangotentha. Kuchoka ku Kawale, tisanafike n'komwe pa mlatho wa Lilongwe, zii. Ndinasintha mapulagi, ndinatsuka kabureta, koma vuto osatha.

Loweruka lina bambo anabwera, n'kumvetsera injini kwa kanthawi. "Mwana wanga, mavalavu unawayeza liti?"

Injini ya Beetle ili kumbuyo, ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo basi. Mavalavu ndi tizitseko tolowetsa mpweya ndi mafuta ndi kutulutsa utsi mu injini. Mpata wa mavalavu ukachepa, valavu sitseka bwino, injini imatentha n'kutaya mphamvu. Mpatawo umayezedwa injini itazizira, ndiye tinadikira mpaka m'mawa. Uyenera kukhala mamilimita 0.15. Valavu yotulutsa utsi pa silinda yachitatu, imene imatentha kuposa zinzake, inalibiretu mpata.

Tinakonza mavalavu onse asanu ndi atatu, n'kuika magasiketi atsopano. Chitsulo choyezera mpata ndi cha agogo anga, manambala ake ayamba kufufutika. Ndinachipereka kwa mwana wanga wamkazi, wa zaka 12, kuti valavu yomaliza ayeze yekha, agogo ake atamugwira dzanja.

Madzulo tinafika ku Area 25 n'kubwerako, osazima.