Kunyamula bodi pa chasisi kuti mufike pa injini

Pali magalimoto ena oti ukatsegula boneti umangoona theka la injini, theka linalo labisala pansi pa galasi lakutsogolo moti ngakhale dzanja la mwana silingalowe. Ford F-250 ndi F-350 za dizilo, maka za injini ya 6.0 ya 2003 mpaka 2007 ndi 6.4 ya 2008 mpaka 2010, zikapsa hedi gasiketi amakaniko ambiri salimbana nazo, amangonyamula mutu wonse wa galimoto, muja mokhala dalaivala. Land Rover Discovery 3 ndi Range Rover Sport yoyamba ija nazonso pa ntchito ya turbo nthawi zambiri bodi imakwera m'mwamba. Zimaoneka ngati kudzichulukitsira ntchito koma tayesani kumasula mabawuti a hedi mutagona chafufumimba pa fenda tsiku lonse, msana ukuuzani wokha.

Yambani mwaona ngati galimoto yanu ili ndi chasisi yapayokha, chimango chachitsulo chomwe bodi imakhalapo, monga Hilux, Land Cruiser, Ranger. Corolla ndi tinzake tating'ono bodi ndi chasisi nchinthu chimodzi, palibe chonyamula, injini imatulukira pamwamba kapena kutsikira pansi. Malole ngati Canter ndiye osavuta, mutu umangopendekera kutsogolo, bola mutsimikize kuti chochirikiza chagwira musanalowetse khosi.

Musanagwire sipanala tengani foni mujambule paliponse, pulagi iliyonse muimate tepi nkulemba nambala mbali zonse ziwiri. Mudzati ndikumbuka, simudzakumbuka. Mawilo awongoleni aloze kutsogolo, chiwongolero muchimange ndi lamba wapampando kuti chisazungulire, chifukwa shafiti yake ikachoka chimazungulira chokha ndiye kawaya kopindapinda ka airbag ndi hutala kali mkatimo kamaduka. Batire chotsani kuyambira ku negativi, dikirani mphindi zingapo musanakhudze mapulagi achikasu a airbag.

Kenako khuthulani madzi a mu radiyeta, gasi wa AC akokedwe ndi makina ake osati kungomufwetsera m'mwamba, ndipo akakupoperani pakhungu amawotcha ndi kuzizira. Tsopano lamulo nlimodzi basi, chilichonse chochoka pa bodi kupita pa chasisi kapena pa injini chiyenera kulekanitsidwa. Mapaipi a hita, mapaipi a mabuleki ochoka ku master cylinder (pampu ya mafuta a mabuleki), a kilatchi ngati ndi ya manyuwo, shafiti ya chiwongolero, kebulo ya handibuleki, ya magiya, mapulagi akuluakulu a mawaya, bampa, ndipo ngati mukunyamula bodi yonse osaiwala khosi lothirira mafuta ku thanki. Paipi iliyonse yotseguka itsekeni kukamwa, fumbi likalowa mu mabuleki kapena mu AC mudzalira mtsogolo.

Mabawuti a mamaunting'i, omangira bodi ku chasisi, ndi pamene pamathera tsiku. Amakhala atadyedwa ndi dzimbiri, ena anamatidwa ndi mankhwala ku fakitale, ndipo nati yake nthawi zambiri ili mkati mwa bodi mu kakhola kachitsulo kopyapyala. Mukangofikira ndi mfuti ya mpweya yomasulira mabawuti kakhola kaja kamathyoka, nati nkumazungulira limodzi ndi bawuti, ndiye muyambe kuchotsa mipando ndi kapeti kuti muipeze. Thirani mafuta othana ndi dzimbiri chadzulo lake, masulani ndi dzanja pa sipanala yaitali, pang'ono kumasula pang'ono kubweza. Ikakana itenthetseni, koma yang'anani kaye kuti paipi ya mafuta ili kuti.

Chonyamulira chabwino ndi lifiti ya mizati iwiri, mikono yake igwire m'mphepete molimba pansi pa zitseko, pakati muikepo labala kapena thabwa. Zitseko zikhale zotseka, ndipo mutu wa pikapu sulemera mofanana kutsogolo ndi kumbuyo ndiye umangeni ndi malamba ku mikono ya lifiti. Zonyamula ndi jeke nkusanja njerwa ayi ndithu, njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Kwezani masentimita asanu okha, imani. Tengani tochi muzungulire galimoto yonse, muzisuzumira paliponse ngati pali chakungika. Ine ndinadulapo waya wa earth wobisala kuseri kwa hedi, ndinangomva phwa, titabwezera zonse geji ya mafuta ikuvina yokha, masiku awiri kufufuza vuto loti ndinadzipangira ndekha. Kwezaninso pang'ono, zunguliraninso, wina akhale pa batani la lifiti wina maso pansi, ndipo womva kaphokoso kalikonse akuwe. Bodi ikapitirira injini kankhani chasisi ituluke, koma kumbukirani mabuleki palibe, handibuleki palibe, ikani zotchinga pa mawilo.

Poti zonse zili poyera, sinthiranitu zomwe simungazifikire bodi ili pamalo, mapaipi otupa, masensa akuseri, malabala a mamaunting'i ngati aphwa. Pobwezera tsitsani pang'onopang'ono mukuonetsetsa kuti waya asapanidwe, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja kaye musanamange ngakhale imodzi, kenako mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo wa m'buku la galimotoyo. Chotsani mpweya mu mabuleki ndi mu madzi, bawuti ya shafiti ya chiwongolero muione kawiri, ndipo pondani buleki ilimbe galimoto isanatuluke mu garaja.