Momwe mungasamalire kandege koyendera mafuta ndi zida zoyenera kunyamula pokakaulutsa

Kandege koulutsa ndi rimoti komwe kali ndi injini yamafuta kamafuna chisamaliro chochuluka kuposa koyendera batire, ndipo kuno ku Mangochi chisamalirocho chimakula chifukwa cha kutentha, mchenga ndi chinyezi chochokera kunyanja. Zida zosinthira sizipezeka wamba, kotero kachitsulo kamodzi kakawonongeka mukhoza kudikira nthawi yaitali kuti kena kafike kuchokera kunja.

Yambani ndi kuwadziwa mafuta anu. Injini zambiri za ophunzira, za saizi ya .40 kapena .46 (manambala osonyeza kukula kwa injini), ndi za mtundu wa glow, kutanthauza kuti mafuta ake amayatsidwa ndi kawaya kotentha ka m'pulagi yotchedwa glow plug, ndipo sizigwiritsa ntchito petulo. Mafuta ake ndi osakaniza methanol, nitromethane wapakati pa 5 ndi 15 peresenti, komanso oyilo wa nsatsi kapena wopangidwa kufakitale, amene nthawi zambiri amakhala pafupifupi 18 peresenti. Methanol amakoka madzi a mumpweya, choncho chigubu chizikhala chotseka kwambiri ndiponso pamthunzi, pakuti mafuta amene alowa madzi amachititsa injini kuzima mosayembekezereka. Musawakoke ndi pakamwa chifukwa ndi poizoni, ndipo moto wake suoneka bwino masana.

Chachiwiri, konzani bokosi lonyamulira zida, lomwe kalipentala aliyense angakukhomereni. Muikemo pampu yamafuta yopukusa pamanja, glow starter (kachipangizo kotenthetsera pulagi poliza injini) ya batire la mavoti 1.2 lotchajidwa bwino, ma glow plug awiri apadera ndi sipanala yake, propela yapadera, payipi ya silikoni, sikuludiraiva, pulayala, guluu, nsanza ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya batire. Polizira injini pamafunika sitata yamagetsi ya mavoti 12, koma ngati simunaipeze, kamtengo kovekedwa payipi ya labala kokankhira propela kamagwira ntchito. Chala chanu chisakhudze propela. Nyamulaninso mphasa yakale yoyala pansi, chifukwa propela ikamazungulira imautsa mchenga umene kabureta imameza, ndipo mchengawo umapala mkati mwa injini.

Musananyamuke kunyumba, tchajani rimoti ndi batire la risiva (kachipangizo ka m'kandege kolandira malamulo a rimoti) usiku wake. Mukafika pabwalo, gwedezani chiwalo chilichonse choyenda cha kumapiko ndi kumchira kuti muone ngati mahinjesi ali olimba, mangani masikuluwu a injini ndi a ekizozi amene amamasuka ndi kunjenjemera, ndipo yang'anani propela mosamala. Ikakhala ndi kamng'alu, itayeni, musaimate. Kenako ikani rimoti pa range test (kuyesa ngati kandege kakumvera rimoti muli patali), muyende mamita pafupifupi 30, mnzanu akuona ngati ziwalo zonse zikumvera komanso zikupita mbali yoyenera.

Poliza injini, mnzanu agwire kandege zolimba ndipo pasakhale munthu kutsogolo kapena m'mbali mwa propela. Ikakana kulira, masulani pulagi muilumikize ku glow starter: kawaya kamkati kayenera kufiira ngati khala lamoto, ndipo kakapanda kutero ndiye kuti pulagi yapsa kapena batire latha. Ikalira, ntchito yofunika kwambiri ndi yosintha singano yolowetsa mafuta, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amaonongera injini. Tsegulani throttle (cholamulira liwiro la injini) yonse, mutseke singano pang'onopang'ono mpaka kulira kufike pamwamba penipeni, kenako muibweze pang'ono kuti mafuta achulukeko ndipo utsi uzioneka ku ekizozi. Mafutawo ndiwo amanyamula oyilo komanso kuziziritsa injini, kotero kuwachepetsa kuti kandege kathamange kwambiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, n'kuipsereza dala. Yesani poimika kandege mphuno kumwamba kwa masekondi angapo; liwiro likatsika kapena injini ikafuna kuzima, tsegulaninso singano.

Sankhani malo otakasuka, kutali ndi mawaya a ESCOM, milambe, migwalangwa, nyumba za anthu ndi mabwalo a ndege monga la ku Club Makokola. Ana adzabwera ndithu kudzaonerera, choncho aikireni malire kumbuyo kwanu musanalize injini. M'miyezi ya mwera, ulutsani m'mamawa mphepo isanakule.

Mukamaliza, musafulumire kulongedza, chifukwa moyo wa injini umadalira mphindi zimenezi. Pompani mafuta onse otsala m'thanki, chotsani payipi ku kabureta, ndipo lizani injini mpaka izime yokha ndi kukana kuliranso. Mafuta otsalira mkati amakoka chinyezi n'kuchititsa dzimbiri m'mabeyaringi, ndipo kufupi ndi nyanja zimenezi sizichedwa. Donthezani madontho angapo a after-run oil (oyilo woteteza mkati mwa injini ku dzimbiri) mu kabureta, muzungulitse propela kangapo kuti oyiloyo afike paliponse, kenako tsekani kabureta ndi ekizozi ndi kansalu koyera. Pukutani oyilo amene wamwazikira pamapiko ndi pathupi pogwiritsa ntchito nsanza yonyowetsedwa m'madzi a sopo, pakuti akalowa m'matabwa opepuka a balsa opangira kandege amawafewetsa ndipo guluu sagwiranso. Mukamapukuta mudzaonanso pamene pang'ambika kapena pamasuka, ndipo ndi bwino kukonza tsiku lomwelo.

Kandege kakagwera mumchenga, musazungulitse propela ngakhale pang'ono. Chotsani kabureta ndi pulagi, mutsuke mkati ndi mafuta oyera mpaka mchenga wonse utatuluka. Posunga, pewani m'galimoto yotsekedwa kapena pafupi ndi denga lamalata, chifukwa kutentha kumapinda mapiko ndi kufooketsa mabatire. Kapachikeni m'chipinda chouma chodutsa mphepo, mapiko atachotsedwa ndi kugonekedwa pamalo osalala.