Momwe komiti ya sukulu ndi makolo angaunikire zotsatira za mayeso a Sitandade 8

Zotsatira za mayeso a PSLCE zikatuluka ku bungwe la MANEB ku Zomba n'kufika pa sukulu, anthu amathamangira pepala limene lamatidwa pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, aliyense akutsetseretsa chala pa mayina kufunafuna la mwana wake. Amene alipeza amalulutira, amene sanalipeze amabwerera mwakachetechete, ndipo pakapita sabata nkhani yonse imatsala pa funso limodzi lakuti sukulu yakhoza ndi maperesenti angati. Nambala imeneyi payokha imabisa zambiri, ndipo komiti imene ikufunadi kuthandiza ana iyenera kukhala pansi ndi mphunzitsi wamkulu, a PTA ndi a Mother Group kuti aone zimene zili kuseri kwake.

Poyamba pemphani kaundula wa Sitandade 8 wa teremu yoyamba, osati mndandanda wa amene analemba mayeso okha. Tiyerekeze kuti chaka chitayamba m'kalasimo munali ana 70, amene analemba ndi 50, ndipo amene akhoza ndi 45. Sukuluyo idzalengeza kuti yakhoza ndi maperesenti 90, ndipo sikunama, koma pa ana 70 aja 25 alibe satifiketi, ndipo 20 mwa iwo sanafike n'komwe m'chipinda cha mayeso. Ana 20 amenewa atchuleni mayina mmodzimmodzi, chifukwa pa msonkhano wotere pamakhala munthu wodziwa kumene aliyense anapita. Wina anakwatiwa, wina anaoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique, wina akuweta ng'ombe, ndipo wina anauzidwa kuti adikire chaka chamawa poopa kuti atsitsa mbiri ya sukulu. Mchitidwe wotsirizawu ndimadana nawo ndi mtima wonse, pakuti mwana amene wabwezedwa ali ndi zaka 15 kapena 16 kawirikawiri sabweranso.

Mukatero, werengani atsikana paokha ndi anyamata paokha. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, a Mother Group ndiwo ayambe kulankhula, popeza ndi amene amadziwa za zimbudzi zopanda zitseko, za atsikana amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndi za makomo amene mtsikana amayamba watunga madzi, kusesa ndi kuphika pamene mlongo wake ali kale pa msewu wa ku sukulu.

Kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri, ndipo makolo ambiri amakhumudwa chifukwa palibe amene anawafotokozera zimenezi. Malo a Fomu 1 ndi ochepa kuposa ana amene amakhoza. Amene achita bwino koposa ndiwo amapita ku sukulu zotenga ana a m'dziko lonse monga Dedza Government Secondary School, ena amapita ku sukulu za m'boma lawo monga Umbwi kapena Ntcheu Secondary School, ambiri amasankhidwira ku CDSS (sekondale ya m'dera yoyendera) yapafupi, ndipo ena amakhoza koma osapeza malo. Lembani chiwerengero cha gulu lililonse, ndipo muike pambali pake ziwerengero za zaka zitatu zapitazo, chifukwa chaka chimodzi chikhoza kukunamizani ngati munali ana awiri atatu anzeru zapadera kapena obwereza ambiri. Obwerezawo awerengeninso paokha. Sukulu imene amasankhidwa ndi okhawo amene alemba kachiwiri kapena kachitatu ili ndi vuto, ngakhale mbiri yake ikhale yabwino m'zoni yonse.

Tsopano pitani ku maphunziro. Mayesowa amalembedwa pa Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi, Social and Religious Studies, ndi Arts and Life Skills, ndipo kupatula pepala la Chichewa, mafunso onse amafunsidwa m'Chingerezi. Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Mwana akhoza kudziwa bwino lomwe mmene amabzalira mbatata ya kachewere ndi mmene amathirira feteleza, mwina kuposa amene analemba funsolo, koma n'kulephera chifukwa sanamve chimene akufunsidwa. Choncho pemphani mapepala a moko (mayeso oyeserera) amene ana anayankha, ndipo musangoona malikisi a pamwamba okha. Onani ngati mwana anasiya mafunso osayankha, ngati anangokopera mawu a funso, kapena ngati masamu a manambala okhaokha anakhoza koma a nkhani anawalumpha. Mukaona zotere pa mapepala ambiri, dziwani kuti vuto ndi kuwerenga, ndipo kuwonjezera maola a masamu sikungalithetse.

Pachifukwa chimenechi komiti isathere ku Sitandade 8. Pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, mulowe mu Sitandade 3 kapena 4, musankhe ana khumi mosayang'ana nkhope, ndipo aliyense awerenge ndime imodzi ya buku la Chichewa pa tsamba limene sanakonzekere. Ndinaonapo mtsikana akuwerenga mokweza ndi mosadodoma, chala chili pa mzere wina pamene pakamwa pakutuluka mawu a mzere wina. Anali ataloweza tsamba lonse pomvera anzake, ndipo titatsegula tsamba lotsatira anangoti zii, maso ali pansi. Mwana ameneyo analibe mlandu. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi a m'munsi ndi amene amadzaza kwambiri, ndipo mwana wofatsa akhoza kudutsa zaka zinayi mphunzitsi asanamumvepo akuwerenga yekha. Komabe sukulu zambiri zimaika aphunzitsi awo odalirika ku Sitandade 8 n'kusiya khamu la Sitandade 1 ndi 2 m'manja mwa munthu mmodzi. Funsani mwaulemu mmene aphunzitsi agawidwira, ndipo ngati pakufunika kusintha, kambiranani ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, pakuti kugawa aphunzitsi si ntchito ya komiti koma kufunsa ndi udindo wake.

Kaundula yemweyo akuonetsaninso masiku amene ana amajomba. M'madera oyandikira misika ikuluikulu monga Lizulu, Tsangano ndi Bembeke, yang'anani tsiku la msika, pamene ana amatumidwa kukasenza kabichi, tomato ndi kachewere kapena kulera ana anzawo pakhomo. Yang'ananinso miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, nyengo ya zinamwali, ndi m'mawa wa kuzizira kwa kuno kumapiri. Mukapeza tsiku kapena mwezi umene mipando imakhala yopanda anthu, pitani nawo kwa mfumu manambalawo ali m'manja, chifukwa mawu akuti ana akujomba anawamva kale, koma kuuzidwa kuti a m'mudzi mwawo akutiakuti sanaoneke masiku asanu ndi limodzi a msika motsatizana kumawachititsa kuitanitsa makolo.

Pa msonkhano wa makolo musatchule dzina la mwana wolephera kapena kuloza chala mphunzitsi pagulu, chifukwa mukatero chaka chamawa simudzaonetsedwanso kaundula. Sankhani zinthu ziwiri zokha zimene mungathe kuchita, monga kalasi yowerenga ya masana ya Sitandade 2 ndi 3 ndi kuyendera makomo a ana ojomba, ndipo muzilowetse mu ndondomeko yotukulira sukulu kuti ndalama za SIG (thandizo la boma lotukulira sukulu) zikabwera zigule mabuku ndi choko cha ntchito imeneyi. Mlembi alembe dzina la woyang'anira chilichonse ndi tsiku lokumananso teremu isanathe, ndipo pa tsikulo ana khumi aja aitanidwenso kuti adzawerenge tsamba lina.