Katundu wa ulendo wa pa njinga, Karonga mpaka Salima

Mwafunsa kuti mutenge chiyani pa ulendo wogona m'njira, kuchokera ku Karonga kudzera ku Mzuzu ndi Nkhata Bay mpaka ku Salima. Yambani ndi keliyala, osati tenti. Ikhale yachitsulo ngati ya akabaza, chifukwa ikathyoka, wowotcherera wa pa msika aikonza pompo. Ya aluminiyamu idzakusowetsani mtendere.

Kenako pezani zikwama ziwiri zopachika uku ndi uku kumbuyo, zolemera mofanana, katundu wolemera akhale pansi. Chikwama chakumsana chisiyeni kunyumba, apo ayi mudzachitukwana pa chitunda cha Chiweta. Zovala zikulungeni m'majumbo, fumbi nalo limalowa.

Tenti sankhani yaing'ono yoima yokha, popeza mchenga wa kunyanja sugwira zikhomo, ndipo neti yake isakhale ndi kabowo ngakhale kamodzi. Udzudzu wa ku Nkhotakota sudziwa mlendo. Onjezani kamphasa kopyapyala ndi bulangete limodzi lothana ndi kuzizira kwa ku Mzuzu, makamaka mu June ndi July.

Mbaula musavutike nayo, chakudya chili m'njira. Pampu, chubu, zigamba, guluu ndi sipanala ndiye zisatsale. Mukamanga zonse, palasani makilomita 20 musananyamuke, ndipo chilichonse chogwedera chimangeni ndi malegeni.