M'mimba mukamapotokola koma kuchipatala osapeza kanthu, ganizirani za mtovu

Mlamu wanga anavutika miyezi iwiri. M'mimba munkamupotokola ngati wina akufinya matumbo, kuchimbudzi osapita masiku anayi, nsima osaifuna. Anamuyeza malungo, zilonda zam'mimba, mpaka sikani. Palibe chinapezeka, kupatula kuchepa kwa magazi. Chinatsegula njira ndi funso la dokotala wina: "Achimwene, mukumwa kapena kusuta chiyani chomwe simunalandire kuchipatala?" Anazengereza, kenaka anatulutsa kabotolo ka ufa wa zitsamba wochokera ku India. Magazi ake anapezeka ndi mtovu (lead) wambiri, chitsulo cholemera chomwe ndi poizoni m'thupi.

Ndiye poyamba mufunseni wodwala wanu funso lomweli, muli awiri, mosamukalipira. Munthu akachita manyazi amabisa, ndipo apa kubisa n'koopsa. Mu 2007 ku Leipzig, ku Germany, anthu 29 anagonekedwa m'zipatala atasuta chamba chomwe ogulitsa anathiramo mtovu kuti chilemere pasikelo. Ku Iran mu 2016 zinachitikanso ndi opiyamu, mankhwala ozunguza bongo, ndipo odwala anali masauzande. Ena kumeneko anang'ambidwa pamimba pachabe, madokotala akuganiza kuti matumbo atsekeka.

Kenaka mutsegule pakamwa pake powala bwino. Yang'anani pamene nkhama zakumana ndi mano. Mwa ena pamakhala kamzere kotuwa modera, ngati kolembedwa ndi pensulo. Mlamu anali nako, ife tinkangoti sakutsuka mano. Kakasowa musati mtovu palibe, chifukwa ambiri sakhala nako. Onaninso ngati dzanja likulendewera akafuna kulidzutsa, ngati mutu ukuwawa, ngati wayamba kuiwalaiwala kapena kupsa mtima msanga.

Kuchipatala pitani ndi chinthu chimene wodwala amamwa kapena kusutacho m'paketi yake, ndipo nenani mosapita m'mbali kuti mukupempha kuyeza mtovu m'magazi. Kuyeza magazi kwa masiku onse sikuuonetsa. Ngati makina palibe, funsani kumene angatumize magaziwo.

Wodwala asiyiretu kumwa kapena kusuta chinthucho, koma ngati ndi opiyamu dokotala amuthandize kusiya, chifukwa thupi linazolowera. Mankhwala ochotsa mtovu, monga succimer ndi calcium EDTA, ndi a dokotala yekha. Musakasake pa intaneti. Mtovu umabisala m'mafupa n'kumabwerera m'magazi pang'onopang'ono, choncho kuyezetsa kumabwerezedwa. Yezetsani aliyense amene analawako, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Kwathu anali mchemwali wanga, amene ankathira ufa womwewo m'tiyi.