Pokumana aphunzitsi, bwerani ndi makope a ana

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Dedza, ndikutsineni khutu pa nkhani ya timagulu tophunzitsana tapasukulu. Nthawi zambiri timakumana, a hedi n'kulankhula ola lathunthu, ife n'kusayina pepala, basi tabalalika. M'kalasi zinthu osasintha.

Pasukulu pathu tinasintha. Timakumana Lachitatu lililonse ana akaweruka, mphindi 40 zokha, ndipo aliyense amabwera ndi makope asanu: awiri a ana ochita bwino, atatu a amene zikuwavuta. Timawayala pa desiki n'kumaona limodzi. Tsiku lina amayi ophunzitsa Sitandade 3 anaona kuti ana ambiri akulemba "pala" m'malo mwa "phala", "kasu" m'malo mwa "khasu". Mnzathu wa Sitandade 2 anatisonyeza njira yake: mwana aike chikhatho pafupi ndi pakamwa, atchule "pa" kenako "pha", amve yekha kampweya kakumuwomba. Tonse tinakayesa, sabata yotsatira n'kudzauzana zomwe tinaona. Kwa ena zinayenda, kwa ena ayi, ndipo pamenepo ndi pamene panali zokambirana zenizeni.

Tengani vuto limodzi pa tsiku. Za malipiro ndi zopereka za maliro zili ndi nthawi yake. Upampando muzisinthana, ngakhale wongobwera kumene kuchokera ku koleji ya aphunzitsi (TTC) atsogolereko. A PEA, alangizi a maphunziro a m'sukulu za pulayimale, akatulukira kuchokera ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'dera), apatseni mpando akhale nawo ngati mnzanu, asaoneke ngati abwera kudzagwira olakwa.

M'miyezi ya June ndi July khalani panja padzuwa. Muofesi mumazizira, anthu amayamba kuyang'ana wotchi.